Kufiira Kulipo Kutatu

Mwana wa mlongo wanga atangoyamba kundithandiza pa benchi langa lokonzera zipangizo zamagetsi kuno ku Limbe, ndinamupatsa rezisita kuti andiwerengere mizere yake. Anaitembenuza kawiri n'kunena kuti, "Amalume, pali wofiira, wakuda, wofiiranso."

Chichewa sanalakwe. Kungoti mzere woyambawo unali wa khofi, ndipo pantchito ino khofi ndi 1, kufiira ndi 2, olenji ndi 3. Kumudzi zitatu zonsezi timangoti zofiira. Kubiriwiranso n'chimodzimodzi: kwa msipu ndi 5, kwa mtambo ndi 6. Enawo savuta: wakuda 0, chikasu 4, pepo 7, phulusa 8, woyera 9. Mizere iwiri yoyamba ndi manambala, wachitatu umanena kuchuluka kwa maziro. Ndiye rezisita ija inali ya ma ohm 1,000, iye n'kuisandutsa ya 2,000.

Mzere wagolide kapena wasiliva uzikhala kudzanja lamanja powerenga. Wagolide ukutanthauza kuti rezisita ikhoza kuphonya ndi 5 peresenti, wasiliva ndi 10. Anayambitsa zimenezi ndi opanga mawailesi a ku America m'zaka za m'ma 1920, ndipo pakachinthu konga njere ya mpunga, utoto umaonekadi bwino kuposa zilembo.

Sindinamuseke mnyamatayo, poti nane zinandigwera. Anthu a mpingo wina wa ku Bangwe anabwera ndi ampulifaya Loweruka madzulo, yoti ilire mawa lake. Inapsa magetsi atabwera mwamphamvu. Ndinagwira ntchito ndi tochi ya foni, ndipo rezisita ina yochita mwaye ndinaiwerenga chikasu, pepo, wofiira: 4,700. Chonsecho mzere wachitatu unali olenji wozilala ndi kutentha, 47,000. Ziro mmodzi yekha! Nditaikapo ina ya 4,700 n'kuyatsa, kafungo ka kupsa kanandipeza m'mphuno dzanja lisanafike pa switchi. Matranzisita awiri ndinagula ndi ndalama zanga, ndipo mapemphero a Lamulungu limenelo anayenda opanda zokuzira mawu.

Chiyambire tsikulo, rezisita yokayikitsa ndimatuluka nayo panja padzuwa. Poyeza ndi mita ndimayamba ndadzutsa mwendo umodzi pa bodi, apo ayi zinzake zoyandikana nazo zimainamiza mita. Ikapsa mpaka kukhala khala, ndimasuzumira mbali inayo ya ampulifaya, chifukwa kumanzere ndi kumanja n'mapasa: ili apa ilinso apo.

Zambiri sindigula. Ndimazula pa mabodi a ma TV akufa n'kuziponya m'zitini, ndipo kuzisanja ndi ntchito ya mphwangayo kukakhala kulibe makasitomala. Za m'mafoni zilibe mizere, n'tinthu tating'ono ngati nthata, ndipo pa mabodi ena atsopano amangolemba 472, kutanthauza 47 ndi maziro awiri. Zimenezo amandiwerengera ndi iyeyo, maso anga anayamba kale kuchita chidima.