Usiku Umodzi pa Nyanja ya Ha Long

Kumpoto kwa dziko la Vietnam kuli chigawo cha nyanja yamchere chotchedwa Ha Long, kumene zilumba za mwala wa njereza, pafupifupi 1,600, zaima m'madzi ngati zulu zikuluzikulu. Ngalawa ya alendo imanyamuka masana niyenda pang'onopang'ono pakati pa matanthwewo. Dzuwa likalowa amalinyero amaponya nangula, ndipo onse amagona momwemo.

Tsono nyali zambiri zimene mudzaona usikuwo nza alendo anzanu. Asodzi amene anabadwira m'nyumba zoyandama, monga a m'mudzi wa Cua Van, boma linasamutsira ambiri a iwo kumtunda mu 2014, pofuna kuti madzi asaipe ndi kuti ana apite kusukulu. Za anazo sitingatsutse. Komabe mbandakucha, nkhungu ikamayalula, pamadzipo pamasowa utsi wa moto wa m'mawa.