Mphatso Imene Taikizidwa

Makolo obwera ndi khanda ku ubatizo amafunsidwa ngati akumvetsa udindo umene akusenza, ndipo amavomera pamaso pa Mulungu ndi pa mpingo. Tikamva mawu akuti udindo, maganizo athu amathamangira ku mapemphero, katekisimu ndi makhalidwe abwino. Zimenezi nzofunika ndithu. Komatu mwana amene tifuna kudzamphunzitsa kupemphera ayenera kuyamba wakula ndi moyo, pakuti kathupi kake kanthete nakonso ndi mphatso imene Mulungu watiikiza.

Mu 2008 mabungwe a WHO ndi UNICEF adalengeza kuti ana oposa 2,000 ankafa tsiku lililonse pa dziko lapansi chifukwa cha ngozi. Kwa makanda ndi ana ongoyamba kuyenda, ngozi zambiri sizichitikira kutali ai. Zimachitikira pakhomo pomwe, mayi atangotembenuka kukatenga nkhuni.

Tiyeni tiyang'ane nyumba zathu ndi maso a mwana wokwawa. Iye sadziwa kuti mbaula imatentha, amangoona makala ofiira okongola. Mphika wa phala wophulidwa ndi kuikidwa pansi uli pa msinkhu wake weniweni. Khungu lake ndi lopyapyala kuposa lathu, kotero kuti tiyi amene ife angangotinyung'unya, kwa iye asiya bala lakuya. Miyezi ya June ndi July, pamene tisonkha moto woti tiwothe, ndiyo yofunika tcheru koposa. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli chipinda cha anthu opsa, ndipo ambiri ogonekedwa m'menemo ndi ana.

Madzi nawo alibe chisoni. Mwana wamng'ono ali ndi mutu wolemera poyerekeza ndi thupi lake. Akasuzumira m'ndowa amagweramo chamutu, nalephera kudzuka, ndipo amamira mwakachetechete, osalira konse. Taganiziraninso chitsime chosavundikira, dzenje loumbira njerwa lodzaza madzi m'dzinja, palafini wosungidwa m'botolo la Fanta, tameki wophera makoswe, mapiritsi a agogo oiwalidwa pamphasa, ngakhale mtedza wokazinga umene ungamtsamwe. Ndipo kawirikawiri mlezi womsiyira khandalo amakhala mwana wa zaka 7, woyenera kuleredwa iyenso.

Ngozi ikagwa, chikondi chopanda chidziwitso chingathe kuwonjezera ululu. Mwana akapsa, tithire pabalapo madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano, kenaka tithamange naye kuchipatala. Akamwa palafini tisamsanzitse, chifukwa posanza palafiniyo amalowa m'mapapo nayambitsa chibayo. Nzeru zotere munthu sabadwa nazo, amachita kuphunzitsidwa.

Nanga aphunzitse ndani? Kale mayi wa chisamba ankalangizidwa ndi anamkungwi, ndipo agogo ankakhala pafupi masiku onse. Lero mabanja ambiri atsopano ali m'matauni, kutali ndi akuluakulu, m'chipinda chimodzi cha lendi momwe pophikira mpomwenso mwana amasewerapo. Ku sikelo amayi amamvako malangizo, koma abambo safikako kawirikawiri. Tsono alipo malo amodzi pamene bambo, mayi ndi oimira mwana amakhala pansi limodzi: maphunziro okonzekera ubatizo. Kodi chingativute nchiyani kuti tsiku limodzi akatekisiti aitane namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'parishi momwemo, adzakambe za moto, madzi ndi mankhwala? Kodi amayi a mumphakati, pokaona khanda latsopano atasenza ufa ndi nkhuni, sangathandizenso kuvundikira ndowa, kutchinga pamoto ndi kukweza mankhwala pamwamba? Akuluakulu adanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa makolo amene adataya mwana pangozi, mawu athuwa sachiweruzo ai. Misozi yawo ndi yathu yomwe. Koma tisafulumire kunena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, pakuti Iye adatipatsa maso, manja ndi nzeru kuti titeteze ofooka. Yosefe Woyera atachenjezedwa kuti moyo wa Mwana Yesu uli pachiswe, adadzuka usiku womwewo nathawira naye ku Ejipito. Chenjezo talimva nafenso. Madzulo ano tisanagwade kupemphera korona, tiyambe tazungulira pakhomo ndi kuona chimene kadzanja kakang'ono kangafikire.