Kompyuta Inaona Mapapo a Amalume, Koma Siinawadziwe

Amalume anga anakhosomola miyezi itatu tisanadziwe chimene chinkawadya. Iwo ndi akabaza a njinga yamoto, ndiye poyamba tonse tinkati ndi fumbi ndi mphepo ya m'mamawa. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anapitako kawiri. Ulendo woyamba anawapatsa amoxicillin, wachiwiri mankhwala ena ofanana nawo, ndipo maulendo onse awiri anawauza kuti akapanda kupeza bwino abwerenso. Koma kwa munthu wa kabaza, tsiku lothera pamzere wa kuchipatala ndi tsiku lopanda ndiwo, lopanda makala, komanso ngongole kwa mwini njinga. Kachitatu sanapitekonso. Anayamba kumwa mandimu ndi jinja, kenako mizu ina imene mnzawo anawatengera kumudzi. Ine ndinazindikira kuti zinthu zafika poipa nditawaona akuboola bowo latsopano pa lamba wawo ndi msomali.

Amalume akhala akumwa ma ARV kwa zaka zambiri ndipo sabisa. Atayamba kuonda, anthu a m'dera lathu anayamba kunong'onezana kuti asiya mankhwala. Sanasiye, ngakhale tsiku limodzi. Manong'onong'o amenewa ankawapweteka kuposa chifuwacho.

Nthawi ya holide, galimoto ya zaumoyo yokhala ndi makina a X-ray inadzaima pabwalo la pafupi ndi msika. Amayi anandiuza kuti, "Iwe ndiwe wasukulu, aperekeze amalume ako, ukamve bwino zimene akanene." Ine ndimaphunzira za makompyuta, za chipatala sindizidziwa, koma kwathu aliyense wa ku yunivesite ndi dokotala, loya ndi injiniya nthawi imodzi.

Amalume anavula malaya, anatsamiritsa chifuwa pa makinawo, anakoka mpweya n'kuugwira. Pasanathe mphindi ziwiri chithunzi chinaoneka pa laputopu. Kumtunda kwa phapo la kumanja kunali kofiira ngati moto wa makala, ndipo pambali panali nambala: 81. Mkulu amene ankayendetsa makinawo anati, "Bambo, nambala imeneyi ikapitirira 60 timapempha makhololo." M'galimotomo munalibe dokotala wowerenga zithunzi. Chithunzicho chinawerengedwa ndi pulogalamu ya pakompyuta. Mawa lake zotsatira za makhololo zinatuluka: chifuwa chachikulu. Tsiku lomwelo amalume anayamba mankhwala.

Madzulo amenewo ndinadzimva. Miyezi itatu anthu analephera, kompyuta yatha m'mphindi ziwiri. Ndinauza amayi, ndinauza amalume, mpaka ndinalemba pa WhatsApp kuti kompyuta siinama. Mawu amenewa ndinadzawameza patapita chaka ndi theka, koma tisanafike kumeneko ndifotokoze zimene ndinaphunzira nditayamba kufufuza za pulogalamu ija.

Mapulogalamu oterewa amaphunzitsidwa poonetsedwa zithunzi zambirimbiri za X-ray, zina za anthu amene labu inatsimikiza kuti ali ndi TB, zina za anthu amene alibe. Pang'onopang'ono pulogalamuyo imazolowera maonekedwe a mapapo odwala, ndipo ikapatsidwa chithunzi chatsopano imapereka nambala, kawirikawiri pakati pa 0 ndi 100, yosonyeza kufanana kwa chithunzicho ndi za odwala TB. Imodzi mwa yodziwika kwambiri ndi CAD4TB, yopangidwa ku Netherlands. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti mapulogalamu otere angagwiritsidwe ntchito m'malo mwa munthu wowerenga zithunzi pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'mwamba. Kwa dziko ngati lathu, kumene madokotala odziwa kuwerenga X-ray ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, imeneyi ndi nkhani yaikulu.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti umboni wina wofunika pa nkhaniyi unachokera kwathu konkuno. Pakati pa 2018 ndi 2019, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Programme anachita kafukufuku wotchedwa PROSPECT pachipatala cha Bangwe mu Blantyre. Anatenga anthu akuluakulu 1,462 amene anabwera ndi chifuwa n'kuwagawa mwamaere m'magulu atatu. Ena anathandizidwa mwa nthawi zonse, ena anayezedwanso HIV, ndipo ena anayezedwa HIV komanso kujambulidwa X-ray yowerengedwa ndi kompyuta. Mwa amene anayamba mankhwala a TB, a gulu la nthawi zonse ankatenga masiku pafupifupi 11 kuti ayambe, pamene a gulu la kompyuta ankatenga tsiku limodzi. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu PLOS Medicine mu 2021. Ofufuzawo ananenanso mosabisa kuti njirayi inali yodula poyerekeza ndi ndalama zimene dziko la Malawi lingakwanitse. Masiku 10 angaoneke ochepa papepala, koma ine ndikudziwa munthu amene anangobwezedwa kawiri n'kusowa miyezi itatu.

Kompyuta inali chiyambi chabe. Makhololo aja anayezedwa ndi makina a GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu 2010. Makina amenewa amafufuza DNA ya kachilombo ka TB ndipo m'maola pafupifupi awiri amanenanso ngati kachilomboko kamamva mankhwala a rifampicin kapena ayi. Izi n'zofunika makamaka kwa anthu okhala ndi HIV, chifukwa makhololo awo nthawi zambiri amakhala ndi tizilombo tochepa, moti njira yakale yoyang'ana pa maikulosikopu imatiphonya. Ku Malawi kuno pafupifupi theka la odwala TB alinso ndi HIV, ndiye amalume si achilendo pa nkhaniyi.

Sabata yoyamba ya mankhwala anandiimbira foni ali ndi mantha. Mkodzo wawo unali utafiira, ndipo achipatala anali atawaonjezera piritsi lina la ARV loti azimwa madzulo. "Mphwanga, tandiuza zoona," anatero. "Kodi kachilombo kaja kakula mphamvu, ndiye akundibisira?" Sindinkadziwa yankho. Ndinathamangira kwa mnzanga wina amene amaphunzira za mankhwala, ndipo iye anandikhazika pansi.

Kufiira kwa mkodzo ndi mtundu wa rifampicin weniweniwo, ndipo sikuvulaza. Mankhwala amenewa anachokera ku tizilombo ta m'dothi timene Piero Sensi ndi anzake anatifufuza ku Milan, m'dziko la Italy, kuyambira mu 1957. Chimene tizilomboto tinkatulutsa sichinkagwira bwino ntchito m'thupi la munthu, choncho akatswiri a chemistry anakhala zaka akusintha kapangidwe kake pang'onopang'ono mpaka m'ma 1960 pamene anapeza mtundu woti munthu angathe kumwa. Koma rifampicin ali ndi khalidwe lina: amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira kuposa nthawi zonse. Ena mwa mankhwala amenewo ndi dolutegravir, amene amatsekereza kachilombo ka HIV kuti kasalowetse chibadwa chake mu DNA ya maselo athu, ndipo Malawi anayamba kuwapereka kwa anthu ambiri mu 2019. Munthu akamamwa zonse ziwiri, dolutegravir amachepa m'magazi, n'chifukwa chake achipatala amaonjezera piritsi lachiwiri la 50 mg. Piritsi limene linkawaopsa amalume linali lowateteza. Kuti wachipatala wa kwathu adziwe zimenezi, anthu ena kwinakwake anatengedwa magazi kangapo patsiku, ndipo ena anakhala mu labu akuyeza kuchuluka kwa mankhwala m'magazimo.

Amalume anamwa mankhwala anayi kwa miyezi iwiri, kenako awiri kwa miyezi inayi. Anachira, ananenepa, bowo la msomali lija linasiya ntchito.

Patapita chaka ndi theka galimoto ija inabweranso, ndipo amalume anapita okha kukadzitsimikizira kuti ali bwino. Sankakhosomola, sankatuluka thukuta usiku, ankadya ngati kale. Nambala inatuluka 72. Anandiimbira mawu akunjenjemera: "Paja iwe unati kompyuta siinama. Ndiye kuti yabwereranso?" Anapereka makhololo, ndipo masiku awiri odikira zotsatira sanagwire njinga. Amayi anayamba kale kuwerengera ndalama za miyezi ina isanu ndi umodzi. Zotsatira zitatuluka, TB munalibe. Dokotala amene anawaona anawafotokozera kuti TB ikapola imasiya zipsera m'mapapo, ndipo pa X-ray chipsera ndi chilonda zimafanana. Kompyuta inaona zimene zinalipodi. Chimene siinkadziwa n'chakuti munthu ameneyu anadwalapo kale n'kumaliza mankhwala, nkhani imene inali yolembedwa m'kabuku kawo ka kuchipatala kamene kanali m'thumba la malaya.

Masiku awiri a mantha aja ndine ndinawayambitsa ndi kamwa langa. Ndinawauza kuti nambala ndi chigamulo, pamene nambalayo imangothandiza kusankha amene ayenera kupereka makhololo. Ofufuza akudziwa kale kuti mapulogalamuwa amakonda kupereka nambala zokwera kwa anthu amene anadwalapo TB ndiponso kwa okalamba. Ine, wophunzira za makompyuta, sindinadzifunse n'komwe.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuganiza za 60 uja. Kompyuta imapereka nambala, koma malire a pamene munthu ayenera kuyezedwa makhololo amaikidwa ndi anthu. Mukawatsitsa, mupeza odwala ambiri, koma mudzayezanso anthu ambiri amene alibe TB. Katiriji kamodzi ka GeneXpert kankagulidwa pa madola 9.98 kwa zaka zambiri, ndipo mu 2023 mtengo unatsika kufika pa 7.97, ndalama imene ikadali yolemera kwa boma losowa ndalama zakunja. Mukawakweza, mupulumutsa makatiriji, koma ena odwala abwerera kunyumba atauzidwa kuti ali bwino, n'kukapatsira ana awo. Ena okhala ndi HIV amene chitetezo chawo chatsika kwambiri amatha kukhala ndi TB pamene mapapo awo akuoneka abwinobwino pa chithunzi. N'chifukwa chake WHO siinaike nambala imodzi ya dziko lonse lapansi, koma imalangiza kuti amene akugwiritsa ntchito pulogalamuyo apeze malire oyenera anthu awo. Komanso kampani ikatulutsa mtundu watsopano wa pulogalamu, 60 wa lero sakhala wofanana ndi 60 wa dzulo.

Apa ndi pamene ndikufuna tikambirane ife a m'makalasi. Ambiri a ife tikamva mawu oti kafukufuku wa zachipatala timaganiza za azungu ovala makoti oyera, kapena za anzathu ophunzira udokotala okha. Ena amati ife tilibe ndalama zopangira mankhwala atsopano kapena mapulogalamu oterewa, ndiye tingolandira zimene ena apanga. Pa ndalama akunena zoona. Kupanga mankhwala atsopano kumadya ndalama zoti sitingazilote, ndipo pa TB dziko lonse linadikira zaka pafupifupi 40 kuchokera pa rifampicin kuti lipeze mtundu watsopano wa mankhwala, bedaquiline, mu 2012. Koma kulandira chida si kumaliza ntchito. Malire oyenera munthu wa ku Ndirande amene wakhala akuphikira makala m'nyumba zaka 30 ndi ati? Nanga bambo wa ku Mzimba amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku South Africa n'kubwerako ndi fumbi m'mapapo? Nanga amene anadwalapo TB ngati amalume? Mafunso amenewa sangayankhidwe ku Netherlands. Amafuna zithunzi za anthu athu, zotsatira za m'malabu athu, ndi munthu wodziwa masamu woti azilumikize. Ntchito imeneyi imafuna laputopu, chilolezo cha komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, ulemu pa zinsinsi za odwala, ndi kudekha. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya langa pamaso pa banja lonse.

M'kalasi mwathu, nthawi yosankha mapulojekiti a chaka chomaliza itakwana, anthu ambiri anasankha mapulogalamu ogulitsira katundu ndi olipirira zinthu pafoni. Sindikuwanyoza, ntchito zimasowa ndipo aliyense akuyang'ana pamene pali ndalama. Ine ndinapempha kufufuza funso laling'ono: ngati pa nambala ya kompyuta tionjezerapo zinthu zitatu zimene wachipatala aliyense angafunse, zaka za munthu, ngati ali ndi HIV, ndiponso ngati anadwalapo TB, kodi tingachepetse anthu oyezedwa makhololo pachabe popanda kuphonya odwala enieni? Ofufuza akuluakulu akufunsa kale funso lomweli, ndipo ine ndikugwiritsa ntchito zithunzi zimene zinaikidwa poyera kuti ophunzira aziphunzirirapo, zambiri zochokera kunja. Aphunzitsi anga anandichenjeza kuti mwina sindipeza kusiyana kulikonse, ndipo anati ndikapeza choncho ndidzalembe chomwecho.

Mu 2023 TB inapha anthu pafupifupi 1.25 miliyoni padziko lonse, ngakhale kuti ndi matenda ochizika. Ambiri mwa anthu amenewa mankhwala awo analipo. Anatayika penapake pakati pa tsiku limene anayamba kukhosomola ndi tsiku limene wina akanawapempha makhololo.

Nditawafotokozera amalume za pulojekiti yanga, anamvetsera mpaka kumapeto ali chikhalire pa njinga yawo. Kenako anati, "Ndiye ukaiuze kompyuta yakoyo kuti izifunsa kaye munthu ngati anadwalapo, isanamuopseze." Anavala chipewa, kasitomala anakwera, n'kunyamuka. Mawu amenewo ndinawalemba patsamba loyamba la kope langa la pulojekiti, pamwamba pa mutu umene aphunzitsi anavomereza.