Njira ya achemwali, kuchokera ku Chileka mpaka ku Lirangwe

Benchi la achemwali likadalipo pamsika wa Chileka, kungoti tsopano pamakhala mayi wina wogulitsa bonya. Nditamuuza kuti ndine mlongo wawo wa malemu, anadzambatuka n'kundipatsa moni ndi manja awiri. "Pepani bambo. Mpamba wa geni iyi anandibwereka ndi iwowo, ndipo sanandilonjerere ngakhale tsiku limodzi." Ife kunyumba zimenezi sitinkazidziwa. Mayiyo anavindikira bonya wake ndi thumba, n'kukwera nafe lole yopita kukavundukula chiliza.

Anthu a ku Chileka amadziwa kukumbukira akufa awo. Kwa Singano n'kumene kunachokera Daniel Kachamba, yemwe anatisiya mu 1987, ndi mng'ono wake Donald. Evison Matafale anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, ndipo mwezi umenewo ukafika khwimbi la anthu linkasefukira pabwalo la Gadaga, a Black Missionaries akuimba. Achemwali sankaphonya. Ankapita ndi dengu la mandasi pamutu, chigubu cha thobwa kumanja, ndipo ndalama ya tsikulo ndi imene inkalipira fizi ya mwana wanga woyamba nthawi imene ntchito inandithera. Mwanayo lero ndi mphunzitsi. Simenti yonse ya chiliza cha azakhali ake wagula yekha, anakana kuti tisonkherane.

Tinadutsa m'mbali mwa bwalo la ndege, phiri la Michiru likutsalira m'mbuyo, n'kukhotera pa Kameza kulowa msewu wa M1. Pa Lunzu mpamene achemwali ankapikula tomato ndi anyezi mbandakucha, ndipo kunenerera mtengo ankakudziwa: wogulitsa ankatsitsa uku akuseka. Amayi a Mvano, omwe ankaimba chinyamukireni, anangoti zii titayandikira chipatala cha Mlambe. Ambiri a iwo anagonerapo pamenepo akudwazika mnzawo, akusinthana ngati pachibale.

Ukapitirira Matindi dziko limayamba kutsetserekera ku Shire. Kutentha kumakula, malambe amachuluka, njinga za makala zimandondozana kulowera m'tauni. Pa Lirangwe tinasiya tala n'kutsata msewu wafumbi. Mtsinje unali utaphwa, amayi akufukula mchenga kuti apeze madzi. Achemwali anakulira pa ntchito imeneyo, mtsuko pamutu, ine ndili kumbuyo kwawo pa mbereko. Kusukulu analekezera Sitandade 5 kuti ife anyamata tipitirize, ndipo mpaka lero chimenechi chimandiwawa, chifukwa masamu a pamtima palibe mwa ife ankawaposa.

Achemwali atamwalira, amuna awo anafuna kuti akagone ku Chileka, koma malume anakana mwaulemu. Kwathu mkazi amagona kwawo kwa amayi ake, pakati pa mbumba yake. Pa ulendo wa chilizawu, adzukulu anali atalambula njira dzulo lake, amfumu atapereka chilolezo. Chiliza chinali chofundidwa nsalu yoyera. Mkulu wa mpingo atapemphera, ine ndi mwana wanga tinagwira nsaluyo uku ndi uku n'kuichotsa. Sichapamwamba ayi: njerwa, simenti, matailosi akuda, dzina ndi zaka. Agogo ena omwe saona bwino anagwada n'kumasisita zilembozo ndi chala, akuti amenewa ndiwo ankawatumizira sopo ndi mchere mwezi ukatha.

Titadya nsima ya mbuzi, mbumba inakhala pansi pa mtengo wa mango, poti panali nkhani yomwe tinkaizengereza. Achemwali ankalera ana awiri a mng'ono wawo yemwe anatsogola kale, mnyamata ndi mtsikana. Malume anafunsa mosapita m'mbali: "Nanga anawa atenga ndani?" Tonse maso pansi. Amene anayamba kuyankhula ndi mlembi wa banki m'khonde ya achemwali, kope lili m'manja. Anati gululo silinafufute dzina la malemu. Akhala akuwaponyera masheya sabata ndi sabata, ndipo pogawana mu Disembala gawo lawo lipita ku fizi ya anawo.

Ndinachita manyazi kuti anzawo atiphangira ife abale. Ndinati mnyamatayo ndimutenga, akaphunzire ku Chileka. Mtsikana akhala ndi mayi aang'ono mpaka alembe mayeso a Sitandade 8, kenako adzatipeza. Malume anati ndibwereze mokweza kuti amfumu amve, ndipo ndinabwereza.