Galu Amene Amaŵerenga Mapewa

Pa cionetsero ca agalu ca Crufts mumzinda wa London, m'caka ca 1978, anthu anaona maseŵera acilendo: galu kulumpha timipanda, kupyola m'mphanga ya nsalu, ndi kukhotakhota pakati pa timitengo tozikidwa pamzere.

Ife tinakula tikumva kuti galu amamvera ndodo. Komatu m'bwalo la maseŵeraŵa mwini galu saloledwa cingwe, kapena cakudya, ngakhale kumkhudza galuyo. Zake ndi mau, dzanja ndi thupi basi. Pothamanga galu amayang'ana kumene mapewa ndi mapazi a mbuyake aloza. Mbuyake akacedwa kutembenuka pang'ono cabe, galu alumpha mpanda wolakwika, ndipo mlanduwo suli wa galu ai.

Pomphunzitsa, ena amayamba ndi timitengo tiŵiri tokha, mphindi zoŵerengeka, namponyera kanyama pomwepo akacita bwino. Kufulumira kulibe: ku Britain galu sapikisana asanakwanitse miyezi 18, kuti mafupa ayambe akhwima.

Galu wozoloŵera kumenyedwa sangathe zimenezi. Taonani ambiri a m'midzi mwathu: munthu akangokweza dzanja kuti amlozere njira, iye apinda mcira nathaŵira kuseri kwa nkhokwe.