Mbedza ya M'chipinda Chozizira

Kuno ku Norwich, mwezi wa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo kawirikawiri ndimatuluka litalowa kale. Theka la tsiku ndimathera m'chipinda chopanda zenera, chozizira madigiri 4 chaka chonse. Mwana wa ku Nkhotakota, amene ndinkanjenjemera ndi mwera wa mu Julaye, lero ndimavala majekete awiri kuti ndikasake puloteni yotchedwa Argonaute.

Vayirasi ikalowa mu selo ya chomera, chomeracho chimaduladula RNA ya mdaniyo kukhala tizidutswa ta zilembo 21 mpaka 24. Argonaute imanyamula kachidutswa kamodzi n'kumayendayenda nako, ndipo ikakumana ndi RNA yogwirizana nako imaidula, uthenga wa vayirasi n'kufera pomwepo. Tizidutswa timeneti anatitulukira mumzinda uno mu 1999 Andrew Hamilton ndi David Baulcombe, ku Sainsbury Laboratory, patangotha chaka Andrew Fire ndi Craig Mello atasonyeza m'tinyongolotsi kuti RNA ya zingwe ziwiri imatha kutseka gene pakamwa. Nobel ya 2006 inapita kwa awiri a nyongolotsiwo. Ine ndimaona kuti a zomera anayenera kulawako.

Ntchito imayamba ndi kusinja masamba m'kamtondo koyera, utawathira nayitulojeni wamadzi kuti aume gwaa. Apa ndi pamene mtima umandithawa. Kafungo ka masamba osinja kakangondifika m'mphuno, ndimamva kugunda kwa munsi kuseri kwa nyumba kwathu, achemwali akusinja chigwada, nsinjiro zili pambali m'lichero, kondowole akudikira usipa. Anzanga a mu labu amaganiza kuti maso anga afiira ndi kuzizira, ndipo sindiwatsutsa.

M'madzi obiriwira otuluka m'masambawo muli mapuloteni zikwizikwi, koma ine ndikufuna imodzi. Mbedza yanga ndi antibody. Amatenga kachidutswa ka Argonaute n'kubaya nako kalulu. Thupi la kaluluyo limapanga asilikali ozindikira puloteni yokhayo, ndipo amawatenga m'magazi ake. Ine ndimawamatiza ku timikanda ta maginito, n'kutithira m'madzi aja, kabotolo n'kumazungulira pang'onopang'ono m'chipinda chozizira chija, poti kutentha kumawononga puloteni ndi RNA yomwe. Ikakwana nthawi ndimayandikiza maginito: timikanda timakanirira kukhoma la kabotolo titagwira Argonaute, zina zonse n'kutsukidwa. Umboni woti wagwira ndi kamzere kakuda kamene kamaoneka poyeza kukula kwa mapuloteni, pamwamba pang'ono pa 100 kDa. Mbedza ina imakola zinyalala, kamzere n'kuonekabe pamalo pake bwinobwino, choncho timayesanso chomera chopanda puloteniyo. Kamzere kakaonekanso m'menemo, ndiye kuti antibody ikunama.

Chokoma chili pa zimene Argonaute imabwera itafumbata. Tizidutswa ta RNA tija timatichotsa n'kuwerenga zilembo zake. Mwa njira imeneyi, mu 2008 zinadziwika kuti mwa ma Argonaute 10 a kachomera ka Arabidopsis, AGO1 imasankha tizidutswa toyamba ndi U pomwe AGO2 imakonda toyamba ndi A. Nawo mavayirasi sagona: ya Cucumber mosaic ili ndi puloteni yotchedwa 2b imene imakagwira AGO1 kuti isadule.

Lamlungu ndimaimbira amayi. Kufotokoza antibody sikunandivute, chifukwa kachida koyezera malungo kuchipatala cha kwathu kamagwira ntchito chimodzimodzi: kamzere kamatuluka antibody ikakola puloteni ya kachilombo ka malungo. Chimene chinandidula mawu ndi nkhani ya kumunda. Akuti chinangwa chaka chino masamba ake ngooneka bwino ndithu, koma ukazula n'kudula, mkati muli zowola zofiirira, zouma, zosati n'kuviika. Matendawa ndikuwadziwa. Ndi cassava brown streak, amene analembedwa koyamba ku Amani, ku Tanzania, mu 1936, ndipo amayenda ndi tintchentche toyera komanso mitengo yobzala imene timagawana pachibale mwa mtima wabwino. Mu 2021 dziko la Kenya linavomereza chinangwa chimene anachipatsiratu tizidutswa ta RNA ya vayirasiyi, kuti Argonaute yake ikhale tcheru mdani asanafike. Zonsezi ndinazinena mothamanga, ngati kuti zingabweze munda.

Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ndiye iwe ukamabwera udzatitengereko mbewu yakeyo."

"Amayi, mbewu sadutsa nayo malire m'chikwama. Komanso ine sindilima chinangwa, kuzizira kuno sichingakule. Changa ndi kachitsamba kakang'ono kosadyedwa."

"Kosadyedwa? Olo mbuzi?"

"Olo mbuzi sizingakhute."

"Ndiye azungu akukulipira kuti uzilima udzu? Chabwino, lima. Koma Khirisimasi ino bakha wako uja tikupha, watopa n'kukudikira."