Sengaparile ndi Zala za Amalume

Amalume anga adapita ku Joni ndi Theba m'chaka cha 1981. Mgwirizano wolemba Amalawi ntchito za m'migodi utatha mu 1988 pamkangano wa kuyezedwa kwa HIV, iwo sadabwerere kumudzi ku Dedza. Adakwatira mayi wa Chitswana, nachoka ku migodi ya golide, ndipo zaka zawo zotsiriza za ntchito adathera pansi pa nthaka ya Rustenburg akuboola miyala ya platinamu. Ndidakawachezera mu June 2023, nyengo yozizira, nditatuluka kumsonkhano wa akatswiri a zilankhulo ku Pretoria. Popatsana moni, dzanja lawo lidalephera kufumbata langa.

"Nyamakazi, mphwanga," adatero akuseka. "Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Zanga zonse khumi sizingaiswe."

Nanenso ndidawaonetsa zanga. Kwa zaka zingapo mfundo zakunsonga kwa zala zanga zakhala zikutupa timibulu tolimba, ndipo tsinde la chala chachikulu limabaya ndikagwira choko. Madokotala amatchula nthendayi kuti osteoarthritis: mnofu woterera wokuta nsonga za mafupa umaperepeseka, fupa n'kumakhudzana ndi fupa linzake. Timibuluto tidatenga dzina la William Heberden, sing'anga wa ku London, amene adatifotokoza m'buku lomwe lidasindikizidwa mu 1802. Mankhwala obwezeretsa mnofu wothawo palibe. Onse amene alipo, a kuchipatala ndi a kutchire omwe, amangochepetsa ululu.

Madzulo akazi awo adatiwiritsira tizidutswa touma ta muzu wotchedwa sengaparile. Chomerachi chimayanga m'mchenga wa Kalahari, ku Namibia, Botswana ndi kumpoto chakumadzulo kwa South Africa. Chipatso chake chili ndi mbedza zomwe zimakola ziboda za nyama, ndipo aliyense amene adachipatsa dzina adaona mbedzazo: Atswana adalitenga ku mneni wotanthauza kukakamira, a sayansi adati Harpagophytum kuchokera ku liwu la Chigiriki la mbedza, Angerezi adati devil's claw, chikhadabo cha mdyerekezi. Madzi ake ndi owawa kuposa nimu. Muzuwu umagulidwa kwambiri ku Germany, ndipo kafukufuku wina adaonetsa kuti umachepetsako ululu wa msana, mawondo ndi chiuno, ngakhale umboni wokhudza manja ndi wochepa. Suyenera kwa munthu wa zilonda za m'mimba, mayi woyembekezera, kapena womwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin.

Mayiwo adali ndi njira zinanso. M'mamawa amaviika manja a amuna awo m'beseni la madzi ofunda ndi kuwauza kuti afumbate ndi kutambasula zala pang'onopang'ono. Usiku amawapaka mafuta a ku famase okhala ndi capsaicin, chinthu chomwe chimawawitsa tsabola, chimene chikapakidwa kwa milungu ingapo chimagonthetsa timitsempha tonyamula uthenga wa ululu. Ine zonsezi ndidazitengera kwathu, ndipo madzi ofunda ndi mafuta a tsabola amandithandiza kufikira lero.

Komabe m'mawa wachitatu ndidaona chinthu chomwe chidandisowetsa mtendere. Amalume atatuluka panja pozizira, nsonga za zala zawo zidayera ngati phulusa, ndipo adati sakumva kanthu. Batani la malaya amalimanga poliyang'ana, pakuti khungu silidali kuwauzanso kuti aligwira. Zala zanga sizichita zotero. Kuyera ndi dzanzi zoterezi ndi zizindikiro zodziwika za nthenda ina, yobwera chifukwa chogwira kwa zaka zambiri makina onjenjemera, imene imaononga mitsempha ya magazi ndi ya kumva. Lamulo la South Africa la 1993 la chipukutamisozi cha ovulala ndi odwala chifukwa cha ntchito limaitchula nthendayi pamndandanda wake.

Apa mphunzitsi wa zilankhulo mwa ine adachita manyazi. Ndaphunzitsa kwa zaka zoposa 20 kuti chilankhulo chilichonse chimagawa dziko mwa njira yakeyake, ndipo ndakhala ndikunyadira kutambasuka kwa mawu athu. Liwu lakuti nyamakazi ndi dengu lalikulu: mumalowa kuphwanya kwa ukalamba, kutupa kwa mfundo, gauti, ngakhale dzanzi. Amalume atalowetsa ululu wawo m'dengulo, adaulandira ngati gawo la imvi. Munthu sapita kukadandaula kwa bwana chifukwa cha imvi. Kuchipatala amayankhula Chitswana chosakaniza ndi Fanakalo ya kumgodi, namangoti manja akupweteka, n'kupatsidwa mapiritsi.

Ndidawapempha kuti tipite limodzi kukaonana ndi dokotala wa matenda a kuntchito. Adakana ulendo woyamba. "Mwandipeza ndi muzu wanga, mundisiye ndi muzu wanga," adatero. Akazi awo ndi amene adawagonjetsa, powauza kuti muzuwo apitiriza kuwiritsa, koma dokotala ayenera kuudziwa pamodzi ndi zaka zomwe adagwira makina. Usiku umenewo tidakhala patebulo atatu, ine ndikulemba m'Chingerezi zomwe iwo amafotokoza m'Chichewa: zala ziti zimayera, nthawi yanji, kuyambira chaka chiti. Cholembera chidandipweteka chala chachikulu tisadafike pakati pa tsamba. Amalume adandikankhira kapu ya sengaparile, nati ndimwe kaye, kenako tipitirize.